Munthu akagwa sitiroko, muyezeninso mtima

Masiku ano pali mkangano pakati pa anthu a zaumoyo kuno ku Zomba, ena akukanganirana pa WhatsApp ena pa Facebook, wakuti kodi ndi nzeru kuti zipatala zathu zazikulu ziziyeza troponin, chizindikiro cha m'magazi choonetsa kuti mtima wavulala, kwa munthu amene wabwera ndi sitiroko. Ambiri akuti izi ndi za mayiko olemera, ife tili ndi mavuto oposa amenewa. Ine ndili mbali ya oti ayezedwe, ndipo ndineneretu poyera: aliyense amene wagonekedwa pa chipatala chachikulu ndi sitiroko ya mtsempha wotsekeka aonedwe mtima tsiku lomwelo, amugwire pa mkono kumva kagundidwe, amuchite ECG (kujambula kagundidwe ka mtima ndi makina), amutenge magazi a troponin, ndipo izi zikhale za aliyense osati za okhawo amene ali ndi m'bale wa ndalama woti athamange nawo magaziwo ku labu yolipira. Koma otsutsawo si anthu opusa ayi, ena mwa iwo ndi amene amagona m'mawodi usiku ife tili mtulo, nde mfundo zawo ndi zofunika kuziyankha bwinobwino osati kungozikankha.

Kwa amene si a kuchipatala ndifotokoze kaye pang'ono. Sitiroko ilipo mitundu iwiri, ina mtsempha wa mu ubongo umaphulika magazi n'kukhuthukira mkati, ina mtsempha umatsekeka ndi kachibuma ka magazi oundana ndiye mbali ina ya ubongo imasowa mpweya n'kuyamba kufa. Yachiwiriyi ndi imene imachuluka ndipo ndi imene ndikunena pano. Troponin ndi puloteni yomwe imakhala mkati mwa minofu ya mtima, imathandiza kuti mtima uzifinyika popopa magazi. Mtima ukakhala bwino m'magazi mumangopezeka kadontho kosaoneka n'komwe, koma minofu ija ikavulala troponin imatayikira m'magazi, imayamba kukwera pakangotha maola ochepa ndipo itha kukhalabe pamwamba sabata yathunthu olo masabata awiri. Nanga zikugwirizana bwanji ndi ubongo? Njira zake ndi zitatu ndipo zimasakanikirana. Nthawi zina mtima ndi umene wayambitsa, umagunda mosalongosoka kapena zitseko zake zinaonongeka, magazi amaundana mkati mwake, kachibuma n'kuthawira ku ubongo. Nthawi zina ubongo ndi umene wavulaza mtima, makamaka sitiroko ikakhudza kachigawo kotchedwa insula komwe kamathandiza kulamulira kagundidwe ka mtima, thupi limakhuthula adrenaline wambiri zedi mpaka minofu ya mtima kuonongeka ngakhale mitsempha yake ili yotseguka bwinobwino, ndipo madokotala a ku Berlin mu 2018 anazitcha stroke-heart syndrome. Ndiye pali pomwe zonse ziwiri zinali zikudwala kale limodzi chifukwa cha BP, shuga ndi fodya, sitiroko yangofika poulula.

Tsono chifukwa chimene ndikulimbira mtima ndi ichi. Mu 2009 akatswiri anaphatikiza kafukufuku 15 wa odwala sitiroko pafupifupi 2,900 ndipo anapeza kuti troponin inali yokwera mwa 18 pa 100 alionse, komanso kuti iwowo chiopsezo chawo chomwalira chinali chokwera kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi anzawo. Ndi makina atsopano omwe amagwira ngakhale kochepetsetsa, chiwerengero cha opezeka nayo yokwera chimafika pa 30 mpaka 60 pa 100. Kunena mwachidule, pa wodi ya odwala sitiroko khumi, pali angapo amene mtima wawo uli pa mavuto ndipo inu simungawazindikire ndi maso. Apa ndi pomwe pandikhudza kwambiri, chifukwa munthu wa vuto la mtima wamba amabwera atagwira pachifuwa akunena yekha kuti pakundifinya apa, koma wa sitiroko pakamwa papotoka, mawu sakutuluka, ena mbali yonse sakuimva, nde adzakuuzani bwanji? Gadiyani wake angokuuzani kuti "angokhala chete kuyambira dzulo". Mabungwe a madokotala a mtima ndi sitiroko ku America mu malangizo awo a 2019 analemba kuti wodwala aliyense wa sitiroko yotere achitidwe ECG ndi troponin akangofika, bola zisachedwetse mankhwala osungunula magazi oundana.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya ndalama, ndipo ndi yomveka. Akuti tikukamba za troponin bwanji pomwe pali masiku oti munthu wa BP amabwezedwa pa windo la mankhwala kuti akagule yekha amlodipine, pomwe kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anaonetsa kuti pafupifupi munthu m'modzi mwa akuluakulu atatu ali ndi BP yokwera ndipo ochuluka zedi sadziwa n'komwe. Kwacha iliyonse ikapita ku BP iteteza anthu ambiri kuposa ikapita ku labu, amatero. Zoona, ndipo atandipatsa ndalama imodzi yokha kuti ndisankhe ndingagule mankhwala a BP osaganiza kawiri. Koma bajeti ya chipatala simayenda choncho. Ine sindikunena kuti troponin ifike pa chipatala chaching'ono cha ku Jali kapena ku Mayaka, ndikunena za chipatala chachikulu chomwe chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Machinga, Balaka, Mangochi ndi Phalombe, ndipo odwala sitiroko ogonekedwa ndi ochepa kwambiri mukawayerekeza ndi khwimbi la a BP lomwe limadzaza mabenchi m'mawa uliwonse. Komanso kuyeza kumeneku chipatala chachikulu chikufunika kukhala nako kale chifukwa cha obwera ndi ululu wa pachifuwa, makina ake ndi omwewo, si oti tigule apadera a sitiroko. Ndipo tisaiwale kuti nyimbo ya "ife sitingakwanitse" tinaimvapo kale. Ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, chaka chomwe kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa konkuno, ankanena kuti ndi mankhwala a anthu olemera, kenako ananenanso chimodzimodzi za CD4 ndi viral load, lero magazi amatengedwa ku midzi pa njinga yamoto zotsatira n'kubwerera. Zinatheka chifukwa panali anthu amene anakana kuvomera kuti zabwino ndi za ena.

Mfundo yachiwiri ndi imene amaikonda a kiliniko ambiri: mwayeza, yapezeka yokwera, ndiye mutani? Makina olowetsa kachubu mu mtsempha wa mtima n'kuutsegula ali kutali, wodwalayo simumutumiza ku Johannesburg, nde mwangoononga ndalama kuti mudziwe chinthu chomwe simungachisinthe. Apa ndikutsutsa ndithu, chifukwa akuyankhula ngati chithandizo cha mtima ndi opaleshoni yokha basi. Pa wodi yomwe namwino m'modzi akuyang'anira anthu makumi angapo usiku, funso lalikulu tsiku lililonse ndi lakuti ndani agone pafupi ndi tebulo la manesi, ndani apite ku HDU, wodi ya odwala kwambiri, bedi ikapezeka, ndani abwerezedwe ECG mawa, ndani aunikidwe mtima ndi makina a sikani omwe alipo kale aja. Pakali pano zimenezi zimaganizidwa ndi maso, kapena, tinene zoona, ndi mmene achibale akuvutitsira. Troponin ikupatsani chifukwa chenicheni chosankhira. Imasinthanso nkhani ya diripi, chifukwa munthu amene mtima wake wafooka mukamuthira madzi ambiri amadzaza m'mapapo, m'mawa mumupeza akupuma movutika anthu n'kumati ndi chibayo. Koma chachikulu kuposa zonse ndi kagundidwe kosalongosoka kaja, atrial fibrillation, komwe kamabwera n'kupita moti ECG imodzi itha kukaphonya. Odwala a troponin yokwera ndi amene amapezeka nako kwambiri, ndiye ndi amene mufunika kuwagwira pa mkono mobwerezabwereza, zala zitatu pansi pa chala chachikulu kwa mphindi yathunthu, kumvetsera ngati ukugunda kawiri mofulumira, kuima, kenako katatu, popanda dongosolo lililonse. Mukakapeza, mankhwala amasintha. Kwa munthu wotere aspirin amachepetsa chiopsezo cha sitiroko ndi gawo limodzi mwa asanu, pomwe warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, amachepetsa ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Kusiyana kumeneko ndi kwa munthu kubwerera ku munda wake ku Thondwe kapena kubweranso pa wodi patatha miyezi itatu mbali inayo itafanso. Inde warfarin ali ndi zovuta zake, amafuna kuyezetsa pafupipafupi INR, yoona mmene magazi akuundanira, ndipo kwa munthu wa pa chilumba cha Chisi ulendo wake si wamasewera, koma limenelo ndi vuto loti tilikonze, si chifukwa chokhalira osafufuza.

Mfundo yachitatu ndi imene ndimaiona kuti ndi yamphamvu kuposa zonse, ndipo ndikhalitsapo. Akuti kuyeza kumeneku kutha kupha anthu. Wachinyamata amene wangomaliza kumene sukulu akaona troponin yokwera m'mutu mwake mumabwera chinthu chimodzi, mtsempha wa mtima watsekeka, ndiye amathamangira heparin ndi mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi monga anaphunzirira, osaganiza kuti ubongo umene wangovulala kumene suchedwa kukha magazi. Munthu amene akanachira ndi mwendo wokoka atha kumwalira chifukwa cha pepala la ku labu. Izi si nthano, chiopsezocho chilipodi. Ku Berlin komwe kuja mu 2016 anatenga odwala sitiroko 29 a troponin yokwera n'kuwaunika mitsempha ya mtima, ndipo 7 okha ndi amene anapezeka ndi mtsempha wotsekeka kumene, pomwe mwa odwala mtima enieni 29 omwe anawayerekeza nawo anapezeka 23. Pafupifupi theka la a sitiroko aja mitsempha yawo inalibe vuto. Kafukufuku wina wamkulupo wa ku Germany yemwe anatuluka mu 2024 anapezanso kuti a vuto lenileni la mtsempha wa mtima ndi pafupifupi m'modzi mwa asanu. Ndiye troponin ili ngati madzi a Likangala akafiira, mumadziwa kuti kumtunda kwakokoloka dothi koma madziwo sakuuzani kuti ndi munda wa ndani. Impso zikafooka imakwera, mtima ukatupa imakwera, matenda akalowa m'magazi imakweranso. Koma taonani mbali inayo ya manambala omwewa: m'modzi mwa anayi kapena asanu ali ndi vuto lenileni la mtsempha wa mtima lomwe palibe akanalidziwa. Yankho la chida chimene chitha kugwiritsidwa ntchito molakwika ndi kuphunzitsa anthu, ndipo pano sipakufunika semina ya ku nyanja ya masiku asanu ndi ma alawansi, pakufunika pepala limodzi lomatidwa pa khoma la wodi lonena kuti troponin ikakwera bwerezani ECG, yezani impso, bwerezani troponin pakapita maola angapo, itanani dokotala wamkulu, ndipo heparin asaperekedwe chifukwa cha nambala yokha. Timakhulupirira a kiliniko athu ndi insulin, ndi magnesium sulphate kwa amayi oyembekezera, mankhwala oopsa onsewa, nde pa ichi chokha tiziti sangamvetse?

Chachinayi, ena akuti kafukufuku yenseyu anachitikira kwa azungu okalamba a mitsempha yodzaza mafuta, odwala athu ndi osiyana. Pamenepa akunena zoona theka. Kafukufuku yemwe anachitikira ku Queens ku Blantyre n'kutuluka mu 2016, wa odwala sitiroko 222, anaonetsa kuti choyambitsa chachikulu kwathu kuno ndi BP, kenako HIV, ndipo kwa achinyamata HIV ndi imene inali patsogolo. Tilinso ndi ana ambiri omwe zilonda za pakhosi zosachizidwa zinawaonongera zitseko za mtima, amakula nazo osadziwa mpaka tsiku lomwe agwa ali ndi zaka makumi awiri ndi zingapo, tili ndi amayi omwe mtima umafooka akangobereka, ndi abambo omwe mtima unakula chifukwa cha BP ya zaka khumi yomwe ankaithira adyo ndi mandimu. Koma mukaganiza bwino zonsezi zikulimbikitsa mbali yanga, chifukwa zikutanthauza kuti kuseri kwa sitiroko zathu zambiri kuli mtima wodwala, kungoti ukudwala mosiyana ndi wa ku Germany. Ndipo ngati tikufuna manambala athuathu, oti a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS adzatiuze kuti kwa Mmalawi troponin yokwera imatanthauza chiyani, manambalawo achokera kuti ngati sitikuyeza? Sitingakane kuyeza chifukwa tilibe umboni wa kwathu kenako n'kumadandaula kuti umboni wa kwathu kulibe.

Chachisanu ndi cha nthawi ndi zoyambirira. Mankhwala osungunula magazi oundana amagwira ntchito mkati mwa maola anayi ndi theka chiyambireni zizindikiro, ndipo munthu wa ku Kachulu amene wagwa madzulo, abale n'kuyamba kaye kukambirana ngati ndi za anthu, ena kuitana abusa, m'mawa kufunafuna galimoto, amafika nthawi imeneyo itapita kalekale. Otsutsa akuti mphamvu zathu zipite pophunzitsa anthu kuti pakamwa pakapotoka, mkono ukalefuka, mawu akamatuluka ngati woledzera, thamangani ku chipatala, komanso pa chisamaliro wamba cha pa wodi. Apa sindikangana nawo n'komwe. Aliyense amene anakhalapo gadiyani akudziwa chithunzi ichi: wodwala wagona chagada, mayi ake kapena mkazi wake wamutsamiritsa pang'ono ndi chitenje chopindidwa, akumuthira phala ndi sipuni chifukwa "sanadye kuyambira dzulo", iye akutsokomola, maso akutuluka misozi, mawu akumveka ngati ali ndi madzi pakhosi, ndipo phala lina likupita ku mapapo. Patatha masiku awiri thupi latentha, chibayo chalowa. Ku Australia mu 2011 anaonetsa kuti manesi akamangoyang'anira zinthu zitatu, kutentha thupi, shuga ndi kameza, omwalira kapena kutsala osatha kudzithandiza amachepa ndi pafupifupi 16 pa 100 alionse, popanda makina odula. Izi zichitike, ndipo zichitike poyamba. Koma kuyesa kameza ndi sipuni ya madzi kumatenga mphindi zochepa, ndipo magazi a troponin amatengedwa ndi jakisoni yemweyo amene akutengera a shuga, a impso ndi a malungo. Palibe chimene chikulanda malo a chinzake apa. Amene akuika nkhaniyi ngati kusankha pakati pa ziwirizi akungofuna kupambana mkangano.

Pali chinthu china chomwe otsutsa sanachitchule kwambiri koma ine chimandidetsa nkhawa, ndicho mmene nambala imeneyi ingafikire kwa achibale. Tikudziwana, munthu akamva kuti "magazi aonetsa kuti mtima waonongeka" foni imayamba kuzungulira, ena ayamba kale kukamba zoti timutengere kumudzi akathere konko. Chiopsezo chokwera si chiweruzo, odwala ambiri a troponin yokwera amatuluka m'chipatala ndi moyo, ndipo chimene nambalayo ikunena ndi chakuti uyu musamusiye yekha masiku oyambirirawa, osati muyambe kugula matabwa. Dokotala akhale pansi ndi gadiyani wamkulu amuuze m'Chichewa chomveka kuti bambowa sitiroko yawakhudzanso mtima, tiwayang'anitsitsa, akayamba kupuma mothamanga kapena kutuluka thukuta lozizira mutiitane nthawi yomweyo olo ndi pakati pa usiku. Gadiyani wouzidwa bwino ndi maso owonjezera pa wodi yomwe ilibe makina olira okha.

Ndipo ichi ndi chifukwa chake ndikuumirira kuti kuyezaku kukhale m'chipatala cha boma ndi malamulo ake olembedwa. Kukasiyidwa ku malabu olipira okha, zichitika ndi zomwe timaziona kale ndi zoyeza zina, banja kugulitsa mbuzi kuti likayezetse chinthu chimodzi, kubwera ndi pepala lomwe palibe anapempha, lopanda ECG pambali pake, lotengedwa kamodzi kokha tsiku lachinayi, ndiye aliyense n'kumalitanthauzira mmene akufunira. Kwa achibale amene muli ndi wodwala pa wodi lero, musathamangire ku tauni ndi ndalama ya chimanga. Funsani kaye mwaulemu ngati awagwira pa mkono kumva kagundidwe, ngati ECG yachitika, ngati ayesedwa kameza musanawapatse chakudya, ndipo ngati troponin yayezedwa pemphani kuti zotsatira zake ndi tanthauzo lake zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala kaja pamodzi ndi mankhwala omwe atuluke nawo, kuti wa kiliniko amene adzawaone ku Domasi kapena ku Namadidi mwezi wa mawa adziwe kuti akuyenera kumvetseranso mtima osati kungoyeza BP n'kuwalembera tsiku lina.